Glenrowan: katauni ka njanji komwe Ned Kelly anagwidwira

Mayi wina wakwathu yemwe akugwira ntchito ku Melbourne, m'dziko la Australia, wanditumizira imelo. Akuti popita ku Sydney anapatukira pa katauni kotchedwa Glenrowan, n'kupezapo chiboliboli chachitali cha munthu atanyamula mfuti, kumutu ngati wavala ndowa. Akufunsa kuti katauni kameneka kanayamba bwanji, nanga anthu amalemekezeranji chigawenga.

Achemwali, munthu munamuonayo ndi Ned Kelly, koma nkhani ya Glenrowan ndi ya malo ndi njanji. Pakanapanda njanji, bwenzi dzinali lili la famu chabe.

Dera limenelo, kumpoto chakummawa kwa chigawo cha Victoria, linali ndi eni ake, Aaborijini a mitundu ya Bpangerang ndi Yorta Yorta. Azungu oweta nkhosa ndi ng'ombe analowamo m'zaka za m'ma 1830 osaodira kwa aliyense. Mu Epulo 1838, pomwe pali tauni ya Benalla lero, eni nthaka anapha ena mwa antchito a banja la Faithfull, ndipo pobwezera azungu anapha Aaborijini ambiri. Dzina la Glenrowan linachokera kwa James ndi George Rowan, omwe ankaweta ziweto kumeneko m'zaka za m'ma 1840 ndi 1850.

Golide atapezeka ku Beechworth mu 1852, anthu anakhamukirako. Miyala itayamba kusowa, khamu lonselo linafuna minda, ndipo m'zaka za m'ma 1860 boma linakhazikitsa malamulo oti osauka azidzisankhira malo n'kumalipira pang'onopang'ono. Koma olemera anali atagona kale kutsogolo. Ankalembetsa malo a m'mbali mwa madzi m'maina a antchito awo, osauka n'kutsala ndi zouma ndi zamiyala. Ng'ombe ya mphawi ikalowa kwa mpondamatiki inkagwidwa, kuti ibwerere mpaka ndalama. Kuba akavalo ndi ng'ombe kunafala kwambiri, ndipo osauka, ambiri mwa iwo ochokera ku Ireland, ankaona kuti apolisi ndi a olemera. Mayi ake a Ned, Ellen Kelly, anali mmodzi mwa alimi otere ku Greta, pafupi ndi Glenrowan. Mwamuna wawo, yemwe anamwalira mu 1866, anabwera ku Australia ngati mkaidi chifukwa choba nkhumba ziwiri ku Ireland.

Zigawenga za m'tchire, zomwe kumeneko amati bushranger, zinkadalira kavalo ndi kutalika kwa mtunda. Dan Morgan anaphedwa ku Peechelba, kufupi ndi Wangaratta, mu 1865, ndipo Harry Power, yemwe Ned ali mnyamata ankamuperekeza pokaba, anagwidwa mu 1870. Kenaka mu 1873 njanji yochokera ku Melbourne inafika ku Wodonga, siteshoni ya Glenrowan n'kutsegulidwa mu 1874. Katauni kanamera mozungulira siteshoniyo, monga anakulira Balaka kwathu kuno: nyumba ya mkulu wa siteshoni, sukulu, wapolisi mmodzi, ndi mahotela awiri, ya Ann Jones tsidya lino la njanji, ya McDonnell tsidya linalo. Chachikulu n'chakuti tsopano boma linkatha kutumiza uthenga pa waya, apolisi n'kufika usiku womwewo.

Gulu la Kelly linali la anthu anayi: Ned, mng'ono wake Dan, Joe Byrne ndi Steve Hart. Abale awiriwa anathawira kutchire mu Epulo 1878 wapolisi Fitzpatrick atanena kuti anamuombera kunyumba kwawo, mlandu womwe unalowetsa mayi awo kundende zaka zitatu. Pa 26 Okutobala chaka chomwecho anapha apolisi atatu ku Stringybark Creek. Anathyola banki ku Euroa mu Disembala, ina ku Jerilderie mu Febuluwale 1879, ndipo malo onse awiri anadula mawaya a telegalafu. Mdani wawo ankamudziwa. Mphotho ya wowagwira inakwera mpaka mapaundi 8,000.

Tsono nayi misampha yomwe anatchera ku Glenrowan. Loweruka pa 26 Juni 1880 usiku, Byrne anaombera Aaron Sherritt, mnzake wakale yemwe ankamuganizira kuti ndi kazitape wa apolisi, kufupi ndi Beechworth. Ankadziwa kuti nkhani ikamveka, sitima yapadera ya apolisi inyamuka, ndipo iyenera kudutsa pa Glenrowan. Ned ndi Hart anadzutsa anthu okonza njanji, mfuti ili pamutu, kuti azule zitsulo pa khona ina kupitirira siteshoni, pomwe pali chiphedi. Kenaka anasonkhanitsa anthu oposa 60 mu hotela ya Ann Jones kuti pasapezeke wokaulula.

Sitima inachedwa. Apolisi omwe anali m'nyumba ya Sherritt anaopa kutuluka mpaka kunja kutacha, motero uthenga unafika mochedwa. Lamulungu lonse anthu mu hotelamo anangokhala, kumwa, kuvina, kupikisana kudumpha, zigawenga zili m'gulu momwemo, tulo tili m'maso. Mphunzitsi wa pasukulupo, Thomas Curnow, anadzionetsa ngati ali mbali yawo, mpaka Ned anamulola kupita kunyumba ndi banja lake. Cha m'ma 3 koloko mbandakucha wa Lolemba, Curnow anakaima pambali pa njanji, kandulo m'dzanja, ataitchinga ndi mpango wofiira. Injini yomwe inkatsogola inaima. Musitimamo munali apolisi, akavalo, atolankhani, ndi Aaborijini odziwa kulondola mapazi ochokera ku Queensland, omwe Ned ankawaopa kwambiri.

Chomwe munati ndowa chija ndi chipewa cha zovala zachitsulo zomwe anayiwo anasulitsa kuchokera ku zitsulo za mapulawo. Cha Ned chinkalemera pafupifupi makilogalamu 44. Chinkatchinga mutu, chifuwa ndi msana, koma miyendo inali pamtunda. Apolisi anawomba mfuti pa hotela ya matabwa muli amayi ndi ana. Mwana wa Ann Jones, Johnny, wa zaka 13, anafa ndi chipolopolo cha apolisi, chimodzimodzinso Martin Cherry, wogwira ntchito pa njanji. Byrne anaomberedwa n'kufera mkatimo. Kukucha Ned anatulukira m'tchire kumbuyo kwa apolisi, zipolopolo zikungodumpha pa chitsulo, mpaka wina anamuombera m'miyendo. Masana apolisi anatentha hotela, ndipo mitembo ya Dan ndi Hart inatulutsidwa itapserera. Tsiku lonselo masitima ankatsitsa anthu odzaonerera ndi ojambula zithunzi, nkhani ikuyenda pa waya kupita ku Melbourne. Njanji yomwe Ned anafuna kuphera apolisi ndi imene inamunyamula kupita kundende. Ananyongedwa pa 11 Novembala 1880.

Nanga ulemuwo? Mbali ina ndi malonda chabe: sitima za anthu sizimaimanso pa Glenrowan, msewu waukulu unalambalala, ndiye katauni kamadyera dzina la Ned. Koma chifundo pa iye sichinayambe lero. Anthu oposa 30,000 anasaina kalata yopempha kuti asanyongedwe, ndipo kafukufuku wa boma wa mu 1881 anadzudzula akuluakulu apolisi angapo, ena kutsitsidwa, ena kuchotsedwa ntchito. Madandaulo a alimi osauka anali enieni.

Ine komabe sindingamutche ngwazi. Munthu wozula njanji kuti sitima yodzaza anthu igwere kuphedi, n'kutsekera ana m'nyumba yomwe akudziwa kuti pabwera nkhondo, wapitirira malire a kubwezera. Apolisi oombera mwachisawawa nawonso manja awo sanali oyera. Amene anachita zaumunthu usiku umenewo ndi mphunzitsi uja, ndipo sanakhalitsenso pa Glenrowan: poopa omutsatira Ned, anasamukira ku Ballarat, ndipo pambuyo pake analandira gawo la mphotho ija. Ann Jones, yemwe anataya mwana ndi hotela yomwe, boma linamuzenga mlandu wosunga zigawenga, koma khoti linamupeza wosalakwa.