Kwa Amaya mukapeza chimanga chikukudikirani

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, Mmalawi mnzathu amene amagwira ntchito ya unamwino ku Leeds, ku England. Akuti mwana wawo wawagulira tikiti yopita ku Guatemala, dziko la ku Central America, ndipo funso lawo ndi ili: "Ine ndikakhala masiku atatu osadya nsima thupi limakhala ngati si langa. Kumeneko ndikadya chiyani? Nanga Amaya amene ndimawamva aja alipobe, kapena ndikangoona miyala?"

Mayi, Amaya, eni nthaka a kumeneko amene makolo awo anamanga mizinda yamiyala yakale ija, alipo, ndipo ndi ambiri. Ku Guatemala kokha zilankhulo zawo zimapitirira 20: K'iche', Kaqchikel, Q'eqchi', Mam ndi zina. Ena ali kum'mwera kwa Mexico ndi ku Belize. Pa nkhani ya chakudya mtima ukhale m'malo, chifukwa mukupita kwawo kwa chimanga. Mbewu imene timaiona ngati yathuyi inachokera kumbali imeneyo, ndipo kuno ku Africa inafika ndi zombo za Apwitikizi.

Tsiku langa loyamba m'mudzi wina m'mbali mwa nyanja ya Atitlán ndinadzuka ndi phokoso la chigayo kusanache. Nditatuluka ndinakumana ndi amayi atasenza mabeseni, koma chimanga chake chinali chonyowa, chofufuma, chonunkhira mwachilendo. Amachiphika madzulo m'madzi othira laimu, n'kuchisiya usiku wonse, m'mawa n'kuchitsuka. Kuchigayo sikutuluka ufa, kumatuluka phala lolimba lomwe amati masa. Mayi wa nyumba imene ndinkagona ankatapa kambulu kakang'ono, kukaomba m'manja, phwa phwa phwa, mpaka kukhala kopyapyala, kenaka n'kukaponya pa chiwaya chadothi chotchedwa comal. Imeneyo ndiye tortilla. Amazikulunga m'kansalu kuti zisazizire, ndipo mumadyera nyemba zakuda, mazira ndi tsabola, ndi manja ngati kwathu.

Poti ndinu namwino, za laimuzi zikusangalatsani. Ndi nzeru yonga ya chidulo chomwe agogo athu ankatcheza kuchokera ku phulusa, ndipo kale Amaya nawonso ankagwiritsa ntchito phulusa. Kuphika kotereku kumamasula niacin, vitamini yemwe ali m'chimanga, kuti thupi lithe kumulandira. Chimanga chinawoloka nyanja, koma luso limeneli linatsala komweko. N'chifukwa chake matenda a pellagra, obwera chifukwa chosowa niacin m'thupi, akhala akuvuta m'maiko odalira chimanga, monga momwe zinachitikira pakati pa abale athu a ku Mozambique amene anathawira nkhondo ku Malawi cha mu 1990. Nditamva zimenezi ndinakhala chete pa khonde paja, kuganizira ufa woyera umene timaukonda, woti gaga yense tachotsa.

Nsima yeniyeni simukaipeza, koma tamal ikakutonthozani: masa wokulungidwa m'masamba a nthochi, m'kati muli nyama ndi msuzi, wophika ndi nthunzi ngati mikate yathu ija. M'mawa kukazizira gulani atol, phala lakumwa lotentha. Masana funsani pepián, nkhuku ya msuzi wokhuthala wa nthanga za maungu ndi chitowe zokazinga. Mukafika ku tauni ya Cobán, Aq'eqchi' ali ndi kak'ik, msuzi wofiira wa nkhukundembo. M'minda mukaona chimanga, nyemba ndi maungu zili pamodzi, iwo amati milpa. Mukaona ngati muli ku Dedza.

Nyanja ya Atitlán ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,560, yozunguliridwa ndi mapiri atatu amoto: Atitlán, Tolimán ndi San Pedro. Tengani juzi. Maboti kwerani m'mawa, chifukwa masana kumabwera mphepo yomwe amati Xocomil, ndipo aliyense wodziwa mwera wa kunyanja kwathu sangaiderere.

Ku Chichicastenango msika umakhala Lachinayi ndi Lamlungu. Nsalu zilipo zochititsa kaso, koma ine chimene chinandigwira mtima ndi masitepe 18 a tchalitchi cha Santo Tomás, omwe amati akuimira miyezi 18 ya kalendala ya makolo awo. Pamenepo pali amayi ogulitsa maluwa, ndi abambo akugwedeza zitini zofuka utsi wa lubani wawo, copal, uku akutchula mayina a makolo. M'kati makandulo ali pansi, wina wagwada akulankhula chapansipansi mu K'iche'. Ndi m'tauni yomweyi momwe wansembe Francisco Ximénez, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, anakopera Popol Vuh, buku losimba kuti milungu italephera kuumba munthu ndi dothi komanso mtengo, inamuumba ndi chimanga choyera ndi chachikasu.

Apa ndikupempheni ndithu: kamera ikhale m'chikwama. Mlendo amalowera khomo la m'mbali, ndipo munthu amene akupemphera sajambulidwa. Ine ndinaona alendo ena akuloza mafoni kumaso kwa gogo wina wogwada, mtima unandipweteka. Ife timadziwa mmene zimakhalira anthu akamajambula maliro athu kapena gule ngati zoseweretsa. Anthu amenewa adutsanso m'zowawa. Nkhondo yapachiweniweni inatenga zaka 36, kuyambira 1960 mpaka 1996, ndipo ambiri mwa ophedwa anali Amaya a m'midzi. Rigoberta Menchú, mayi wa mtundu wa K'iche', analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1992 chifukwa cholankhulira anthu ake. Mukaona mayi wavala huipil, bulauzi yoluka pamanja, dziwani kuti maluwa akewo amasonyeza mudzi umene akuchokera, ndipo imodzi imatha kumutengera miyezi. Nenererani pang'ono monga mwa msika, koma musamufinye. Mukagula nenani kuti "maltyox", ndiye zikomo wa K'iche'. Nkhope imasintha pomwepo.

Miyala nayo pitani mukaione. Tikal, mabwinja a mzinda wakale wa Amaya, ili kumpoto, m'nkhalango yotentha ya Petén, kufupi ndi tauni ya Flores, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa mu 1979. Kachisi wachinayi ndi wamtali pafupifupi mamita 70, ndipo amakwereka pa makwerero amatabwa. Maondo akalola, kwerani pang'onopang'ono, mukupuma. Ine ndinafika pamwamba kukadali chisisira. Pansi ponse panali nkhungu, ndipo apusi ena akuda a m'nkhalangomo anali kubangula ngati mikango, mawu ochititsa nthumanzi. Dzuwa litatuluka, nsonga za akachisi ena zinayamba kuonekera pamwamba pa mitengo, imodzi imodzi. Amene ankatiperekeza, bambo wa m'mudzi wapafupi, anamasula kansalu kake n'kundigawira tortilla ziwiri zothira mchere zomwe akazi awo anawaphikira usiku.

Tengani mankhwala othamangitsa udzudzu, ndipo madzi muzimwa a m'botolo. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva ngati tamal inakukhutitsani.