Mwafunsa Tayankha: Switi, siwiti kapena zotsekemera?

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 4 kufupi ndi Luchenza. Ana ena amalemba "maswiti", ena "masiwiti". Cholondola n'chiti? Nanga kutchula bisiketi kapena chingamu kuti switi n'kulakwa?

Yankho: Aphunzitsi, musamuchotsere malikisi mwana aliyense, zonse ziwiri zimalembedwa. Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, ku mawu akuti sweet. Mawu ambiri obwereka timawaika lembo la liwu pakati kuti lilime lisavutike, monga sukulu ndi sitolo, ndipo "siwiti" inabadwa motero. Koma "sw" ndi wathu kale, ali mu kuswa ndi nswala, choncho "switi" si yachilendo pakamwa pa Mmalawi. Chofunika n'chakuti mwana asasinthesinthe kalembedwe m'chimangirizo chimodzi.

Pamene muyenera kulimbikira ndi pa mgwirizano wa mawu. Timati switi imodzi, switi yanga yagwa. Zikachuluka ndi maswiti awiri, maswiti anga atha. Mnyamata akanena kuti "switi wanga" ndiye kuti sakunena za m'botolo la pa okala, akunena wachikondi wake, n'chifukwa chake mgwirizanowo wasamukira kwa munthu. Palinso "ya maswiti", kandalama kochepa kamene malume amapatsa mwana potsanzikana, ngakhale mwanayo akagule mandasi.

Switi ndi kanthu kopangidwa ndi shuga wophika n'kuumitsa, kaya kapamtengo kaya kokulunga m'pepala. Chingamu ndi bisiketi zili ndi mayina awo. Nzimbe, uchi, nanazi wa ku Mulanje ndi nthochi yakupsa ya ku Thyolo ndi zotsekemera, ena amati zozuna, koma si maswiti. Mneni wakenso aphunzitseni, chifukwa akutayika: switi yolimba timamung'unya, yapamtengo timanyambita, shuga timabwira, nzimbe timatafuna. "Kudya switi" sikulakwa, koma sikuuza munthu chimene chikuchitika m'kamwa.

Funso: Ndili ndi okala pa Chitakale. Chiperoni chikabwera maswiti amanyowa n'kumatirira m'mapepala, ana amawakana. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Mayi, vuto ndi chinyezi. Switi yolimba imaphikidwa mpaka kutentha kufike pafupifupi madigiri 150, madzi pafupifupi onse n'kuuluka. Ikatero imakhala ndi ludzu, imakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo kunja kwake kumayamba kusungunuka n'kukhala nomenome. Kumunsi kwa phiri la Mulanje, kumene nkhungu ndi mvula yowaza zimatha masiku angapo, zimenezi zimachitika msanga.

Musatsegule paketi yonse kamodzi. Thirani m'botolo okwana tsiku limodzi kapena awiri, otsalawo mumange pakamwa pa paketi ndi mphira zolimba. Botolo likhale louma bwino ndiponso lachivundikiro chotseka mwamphamvu. Ambiri amalitsuka m'mawa n'kuthiramo maswiti lisanaume, ndipo pamenepo ndi pamene katundu amaonongekera. Musaliike pawindo pomwe dzuwa limawomba kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa kutentha kumafewetsa maswiti, makamaka amkaka. Musasakanize maswiti a minti ndi a zipatso m'botolo limodzi, fungo limalowerana. M'firiji musaikemo: mukawatulutsa amachita thukuta n'kumata kuposa poyamba.

Chinanso, kamwana kosakwana zaka 4 kakabwera ndi ndalama, musakagulitse switi yolimba yobulungira. Imatha kutsamwitsa n'kutseka njira ya mpweya.