Kwa mayi wa ku Ndirande amene akudandaula za magulu 6 a zakudya

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera imelo. Ali ndi ana atatu, amagulitsa kaunjika, ndipo kusikelo amuuza kuti mwana wake wa chaka ndi theka sakukwera bwino, azimudyetsa magulu 6 a zakudya. Funso lake n'lakuti: "Nanga nyama ndiipeza kuti, poti ndalama ikuthera ku lendi ndi makala?"

Amayi, ndakumvani, ndipo simukunama. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama sikuchedwa m'manja. Koma magulu aja asakuopseni. Ndi zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. M'gulu la zanyama muli usipa, bonya, matemba, mazira, ngakhale ngumbi zikagwa mvula yoyamba. Nyama ya kubutchala ndi kachigawo chabe.

Usipa ndiye ndimaukhulupirira kwambiri, chifukwa timadya ndi mutu ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo muli kashiamu womanga mafupa. Mwana wamng'ono sangautafune, choncho chitani chonchi: gulani kamulu kamodzi, kazingani pang'ono pachiwaya mpaka uume gwa, sinjani mumtondo, sefani, n'kusunga m'botolo louma lotseka bwino. M'mawa, phala la mgaiwa likamabwadamuka, thiranimo supuni ya ufa wa usipawo ndi supuni ya nsinjiro. Tsiku lina muswere dzira, tsiku lina masamba ophika ofinyafinya. Phalalo likhale lolimbako, losayoyoka msanga pasupuni. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba ya mwana koma mphamvu mulibe. Ndipo musamusiyitse kuyamwa asanakwanitse zaka 2.

Nkhani ya mgaiwa imandipweteka mtima. Timaunyoza kuti ndi wa nthawi ya njala, n'kumalipira kuchigayo kawiri, kukonoletsa ndi kugayitsa, kuti tipeze ufa woyera. Pokonola ndi poviika paja, madeya ndi mtima wa chimanga zimachoka, ndiye zabwino zambiri zimapita kwa nkhuku ndi nkhumba, ufanso n'kuchepa pa ndowa yomweyo. Ngati apabanja akana mgaiwa, yambani ndi gramili.

Masamba akwathu ndi otchipa kuposa kabichi, komanso amamuposa pa michere: bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada. Otendera ndi nsinjiro, mwapeza kale magulu awiri m'mbale imodzi, mafuta ophikira osagwira n'komwe. Soda yekha chepetsani, amafewetsa masamba koma amapha mavitamini. Mtedza wosinja muzisankha bwino. Wofota, wobooka ndi wachuku tayani osaumva chisoni, poizoni wa chuku amaononga chiwindi ndipo sachoka ndi kuphika.

Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama ambiri amazithawa poopa makala. Viikani usiku, m'mawa zimapsa msanga. Phikani zambiri kamodzi, zotsala muzitenthetsa mpaka kuwira musanadye. Ngati muli m'banki m'khonde, sonkherani ndi anzanu mugule nyemba ndi mtedza nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, mitengo isanakwere. Kugula tizipepala tsiku ndi tsiku ndiko kumadya ndalama mosaoneka.

Zipatso tsatani nyengo: mango m'dzinja, magwafa, masuku, masau, malambe. Maapozi a m'sitolo asiyeni. Chipatso chikadyedwa pamodzi ndi chakudya chimathandiza thupi kutenga ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) wa m'nyemba ndi masamba, pomwe tiyi wa masamba amatsekereza, ndiye mwanayo musamupatse tiyi ndi chakudya.

Tsopano werengani ndalama imene imapita pa buledi, mandasi, kamba ndi zakumwa zotsekemera pa sabata. Sindikukudzudzulani, ana akalira pamsika mtima umafewa. Koma mulu wa mbatata yofiira mkati, monga Kaphulira kapena Zondeni, umakhutitsa nyumba yonse m'mawa ndipo uli ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi.

Tsiku la sikelo likakwana, pitani ndithu ndi bukhu lake. Ngati mwanayo akutsikabe, akutsegula m'mimba, kapena mapazi ayamba kutupa, musadikire tsikulo. Thamangani naye kuchipatala akamuyeze pamkono, chifukwa pamenepo pamafunika chiponde ndi mankhwala, phala lokha silingakwanire.