Nyimbo za mufilimu ya Kamkwamba si zovinira

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu amayamikira nyimbo za mufilimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yokamba za William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina oyendera mphepo opopa madzi, pomwe inu mutaionera simunatolemo ngakhale imodzi yoti n'kumaiimba posamba. Ndikuyankheni monga mwana wa kuno ku Kasungu, woti njala ya 2002 ndinaiona ndi maso angawa.

Amene anapeka nyimbozi ndi Antonio Pinto wa ku Brazil, yemwenso anapeka nawo za mufilimu ya City of God. Iye sankakonza zoti zikalire pa wailesi kapena pa ukwati. Ankakonza zoti zikugwireni mtima inu osazindikira, monga mchere mu ndiwo: sumaoneka, koma ukasowa m'pamene mumadziwa.

Filimuyi, imene Chiwetel Ejiofor anaitulutsa mu 2019, inagawidwa m'zigawo za mitu ya Chichewa, kuyambira Kufesa mpaka Mphepo. Kaonereninso gawo la Njala, foni ili kutali. Wopeka wina akanadzaza pamenepo ndi nyimbo zoliza anthu mokakamiza. Pinto anadzigwira. Ndipo ife amene tinadya gaga ndi mizu ya nthochi tikudziwa kuti njala siyenda ndi phokoso. M'mudzi mumati zii, ana osasewera, mtondo osamveka. Galu wa William uja, Khamba, atafa, ine misozi inangotsika yokha, popanda wondiuza kuti lira tsopano.

Chifukwa chodziletsa choncho, makina a William akayamba kuzungulira ndipo madzi n'kutuluka, nyimbo ikakwera thupi lonse limachita tsembwe. Ikanakhala ikufuula kuyambira pachiyambi, pofika apa makutu akanakhala atatopa kale.

Koma si kuti zonse ndinakhutira nazo ayi. Filimu yojambulidwa kwathu kuno, ya mwana wa ku Wimbe, momwe Gule Wamkulu akuonekera pamaliro, ndikanakonda ng'oma zathu zikanapatsidwa malo okulirapo. Aliyense amene anaimapo pa bwalo mbalule ikuyankhulana ndi mapazi a gule akudziwa kuti ng'oma imeneyi imatha kunena za imfa ndi za moyo yomwe. Oimba odziwa ntchito tili nawo, ngakhale Lily Banda amene anasewera ngati Annie, mlongo wake wa William, ndi woimba.

Mukamaioneranso, musaionere pa sipika ya foni. Bwerekani mahedifoni, madzulo ana atagona, ndipo mudzatiuze muno mugulu zimene mwamva pa gawo la Njala lija.