Inshulansi ya galimoto ikamatha, musangolipira ya chaka chatha

FUNSO: Zikomo akonzi. Inshulansi ya Sienta yanga ikutha kumapeto kwa mwezi uno, ndi ya comprehensive (yolipira ikawonongeka galimoto yanga komanso ndikawononga za ena). Kodi ndingokalipira monga chaka chatha? Nanga nditachedwa masiku angapo podikira malipiro, pali vuto? — Wowerenga, Luwinga, Mzuzu

YANKHO: Bambo, kuchedwako ndiye ayi. Tsiku lolembedwa pa disiki ya inshulansi likangodutsa, chitetezo chatha. Mukagunda wakabaza pa Katoto m'mawa mwake, chipukuta misozi chichokera m'thumba mwanu, ndipo lamulo la pamsewu silola galimoto kuyenda popanda ngakhale third party, inshulansi yolipira anthu ena okha amene mwawapweteka kapena kuwawonongera katundu. Ngati ndalama zavuta, iimikeni kaye. Koma bwino n'kupita kudakali milungu iwiri, mutatenga blue book ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) yomwe sinathe.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa mtengo wa galimoto. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya magalimoto ndi masipeya n'kukwera, koma ena akungokonzanso pa mtengo wakalekale poti ndalama yolipira imachepa. Tiyerekeze kuti mudalembetsa K8 miliyoni pomwe galimotoyo lero ingagulitsidwe K12 miliyoni. Mwatchinjiriza magawo awiri okha mwa atatu. Ikaphwanyika ku Chiweta, galaja n'kunena K3 miliyoni, kampani ikhoza kupereka K2 miliyoni yokha, n'kuchotsaponso excess, ija ndalama yoyamba imene mumalipira nokha. Choncho pemphani kuti aiyese mtengo musanasaine. Kuukweza mopitirira nakonso n'kutaya ndalama, chifukwa iwo amalipira mtengo wa pamsika basi.

China, Sienta zambiri kuno zimadzuka zili taxi ya ku Ekwendeni. Ngati yanu yayamba kunyamula anthu olipira, nenani, aisinthe gulu. Mukabisa, tsiku la ngozi adzakukanirani, ndipo sadzakhala atalakwa.

Ngati chaka chonse simunakapemphe chipukuta misozi, funsani za no claim discount, kuchotserako pa ndalama yolipira chifukwa simunapemphe kanthu. Musachite manyazi, si onse amene amayamba okha kuitchula.

Mukalipira kudzera kwa ejenti, landirani lisiti ya kampani yeniyeniyo, ndipo muonetsetse nambala ya galimoto, ya chassis ndi masiku pa disiki musanatuluke. Kampani ikakuzunguzani pa madandaulo, nkhani mukaitule kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.