Yankho kwa madamu amene afunsa za Mel Ainscow

Madamu, funso lanu ndinaliona mmawa koma ndimafuna ndiweruke kaye chifukwa silofunika kuyankha mothamanga. Mwati ku koleji alekichala akungotchula Mel Ainscow pa nkhani ya inclusive education, kutanthauza kuphunzitsira limodzi ana onse, aulumali ndi ena omwe, m'sukulu wamba, nde mukufuna kudziwa kuti munthuyu ndi ndani, anachita chani, komanso ngati zimene analemba ali ku England zingagwire ntchito mkalasi yanu ya sitandade 3 ya ana 120 opanda ndi madesiki omwe. Ine ndimaphunzitsa konkuno ku Blantyre ndipo ndinadutsa ku Montfort ku Nguludi, nde ndiyankha ngati mphunzitsi mnzanu.

A Ainscow ndi pulofesa wa zamaphunziro wa ku Britain, agwira zaka zambiri ku University of Manchester ndipo asanapite kumeneko anali ku Cambridge. Koma sanayambire ku yunivesite ayi, anali mphunzitsi wa mkalasi mpaka anakhalako hedi wa special school, sukulu yapadera ya ana aulumali, nde akamanena kuti kupatula ana kuli ndi mavuto ake akunena zimene anaziona okha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatsogolera ntchito ya UNESCO, nthambi ya United Nations yoona zamaphunziro, yokonza zipangizo zosulira aphunzitsi zotchedwa Special Needs in the Classroom, ndipo zimenezi sizinayesedwe ku Ulaya kokha, zinayesedwanso ku Kenya, Zimbabwe ndi India. Ndikutchula dala mayikowa chifukwa pagulu pano alipo ena ayankha kale kuti "izi ndi za azungu". Kenako mu June 1994 kunachitika msonkhano uja wa ku Salamanca ku Spain komwe maboma 92 ndi mabungwe 25 anagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, ndipo iwowa anali mmodzi mwa akatswiri amene amagwira ntchito ndi UNESCO pa nkhaniyi. Chaka chomwecho kuno kwathu ndi pamene pulayimale inakhala yaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni nthawi imodzi, nde muone kuti ife uthenga wa inclusive unatipeza makalasi atadzadza kale mpaka pansi pa mitengo.

Tsopano chenicheni chimene a Ainscow anabweretsa ndi kusintha funso limene mphunzitsi amadzifunsa. Kale mwana akamalephera timafunsa kuti mwanayu ali ndi vuto lanji, timupititse kuti. Iwo akuti tiyambe tafunsa kuti pasukulu pano ndi chani chimene chikumutchinga mwanayu kuti asaphunzire. Zikumveka ngati zazing'ono koma mukazitengera mkalasi mumaona kusiyana. Mwana wosamva bwino, ife aphunzitsi timakonda kuyankhula titayang'ana kubolodi uku tikulemba, iye amadalira kuona milomo yathu, nde chotchinga pamenepo ndi nsana wathu. Mwana wachialubino wakhala kumbuyo, bolodi ndi yotuwa choko sichikuoneka, mwinanso kalasiyo ikuphunzirira panja dzuwa lili ng'aa. Mtsikana wa khunyu anzake akumuthawa chifukwa anamva kunyumba kuti malovu ake amapatsira matendawa, zomwe sizoona ngakhale pang'ono. Mwana wa wilicheya amangokhala osamwa madzi tsiku lonse chifukwa chimbudzi chili ndi masitepe, nanji kuno ku Blantyre ndi mitunda yathuyi, tangoganizani njira za ku Ndirande, Bangwe kapena Chilobwe nthawi ya mvula. Zonsezi mwana sanabadwe nazo, zili pasukulu ndi mmudzi, ndipo zambiri mwa izo zikhoza kusunthika.

Mu 2000 a Ainscow ndi mnzawo Tony Booth anatulutsa Index for Inclusion, buku limene lamasuliridwa m'zinenero zambiri. Mkatimo muli mafunso oti sukulu izidzifunsa yokha, aphunzitsi, makolo, komiti ndi ana omwe, pa zinthu zitatu: chikhalidwe cha pasukulupo, malamulo ake, ndi zimene zimachitikadi mkalasi. Ndipo sakamba za ana aulumali okha. Mnyamata amene amajomba chifukwa akukagulitsa mandasi mu Limbe, mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka koma anzake akumuseka, mwana wamasiye wobwera osadya, onsewa kwa a Ainscow ndi nkhani imodzi yomweyo.

Mbali imene ine imandikhudza kwambiri ndi pamene amanena kuti tiziyang'ana zinthu zitatu pa mwana aliyense, kupezeka, kutenga nawo mbali, ndi kupindula. Kuno ambirife timathera pa choyambacho. Mwana walembedwa mu rejisitala, a hedi atumiza chiwerengero, basi timati sukulu yathu ndi ya inclusive. Koma mwanayo wakhala pakona chaka chonse, sanafunsidwepo funso, kope lake silichongedwa, akubwereza sitandade 2 kachitatu mpaka makolo amangoti bola azikhala pakhomo. Kuli ngati kumuitanira munthu ku ukwati koma osamupatsa mbale. Ndipo zimawawa chifukwa makolo a mwana ameneyo amakhala kuti alimba mtima kwambiri kuti amutulutse mnyumba, ena amachita kumubereka kumbuyo mmawa uliwonse mwana wamkulu ndithu.

Nde pa funso lanu loti zingatheke ndi ana 120, ine yankho langa ndi loti mbali ina inde, mbali ina ayi, ndipo musalole munthu akunamizeni kuti zonse ndi zophweka.

Mbali ya inde ndi iyi. Kafukufuku wambiri wa a Ainscow amasonyeza kuti nzeru zambiri zothandizira ana zimakhala zili kale pasukulu pomwepo, kungoti aphunzitsi sitionererana. Madamu a sitandade 1 ali ndi njira yawo yokhazika chete ana ndi nyimbo, a sitandade 5 amadziwa kugawa magulu moti wanzeru amathandiza mnzake, koma aliyense amatseka chitseko chake. A Ainscow pamodzi ndi Kyriaki Messiou wa ku University of Southampton anayesa njira yoti aphunzitsi atatu akonze phunziro limodzi, wina aziphunzitsa enawo akuonerera, kenako akambirane, alikonzenso, wina aliphunzitse kalasi yake, ndipo ana omwe afunsidwe kuti chinawathandiza ndi chani. Oonererawo sayang'ana zolakwa za mphunzitsi, amayang'ana ana, ndani sanayankhule, ndani anasiya kulemba pa mphindi khumi zoyambirira. Izi sizifuna alawansi kapena wekishopu ya ku hotela. Vuto lathu ndi loti munthu akalowa mkalasi mwako ndi kope timangoganiza za kuyendera kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale aja, mtima umayamba kugunda, nde pamafunika kuyamba ndi anzanu awiri amene mumakhulupirirana. Ma CPD, maphunziro osulira aphunzitsi amene timachitira ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi a m'zoni aja, bwenzi akutithandiza kwambiri atakhala kuti tikukambirana zoterezi za ana enieni a mmakalasi mwathu.

Mwana amene mwamutchula mu ndemanga yanu yachiwiri uja, amene mukuti sayankha mukamuitana ndipo anzake amamuti ndi wamwano, mawa lomwe muyikeni kutsogolo chapakati, muziyankhula mutamuyang'ana, mumupatse mnzake wodekha woti azimulozera pamene mwafika. Koma musathere pompo, kambiranani ndi makolo apite naye ku Queens, kuli kiliniki yoyeza makutu. Ana ambiri amasiya kumva bwino chifukwa cha mafinya a mkhutu amene akanachizika msanga.

Mbali ya ayi tsopano. Mtima wabwino wa mphunzitsi sungalowe mmalo mwa chinenero chamanja, braille, kapena mphunzitsi amene anaphunzira ntchitoyi. Mwana wosamveratu mukamuika pakati pa ana 120 popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa chinenero chamanja mwamutsekera kunja ali mkati momwemo. Chikalata cha ku Salamanca chomwecho chimavomereza kuti ana osamva, ndi amene samva komanso saona, nthawi zina amathandizika bwino m'sukulu kapena m'makalasi awoawo chifukwa cha nkhani ya chinenero, nde sukulu ngati Maryview ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ndi Embangweni zikadali zofunika zedi. Chimene ine ndimaopa ndi anthu amene amatenga inclusive ngati njira yotchipa, kungoti ana onse alowe basi, osaonjezera aphunzitsi, osamanga ma resource centre, zipinda zothandizirako ana ofunika thandizo lapadera, osagula zipangizo. A Ainscow sananene zimenezo, amanenanso za utsogoleri, za ndondomeko za boma, ndi zoti sukulu zoyandikana zizithandizana, monga mmene anachitira mu Greater Manchester Challenge kuyambira 2008 mpaka 2011 pomwe sukulu zochita bwino zimalumikizidwa ndi zovutika. Pa pepala ife tili nazo kale, pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali tinalivomereza mu 2009, lamulo la Disability Act linabwera mu 2012 nkulowedwa mmalo ndi lina mu 2024, ndipo unduna unali ndi National Strategy on Inclusive Education ya 2017 mpaka 2021. Chotsala ndi ndalama ndi anthu.

Poti mwati ndi za asayimenti, musathere pa a Ainscow okha, muonenso ofufuza amene anagwira ntchito pa nthaka yathu ino. Paul Lynch, amene nthawi imeneyo anali ku University of Birmingham, anachita kafukufuku ndi Patricia Lund pa maphunziro a ana achialubino kuno ku Malawi, lipoti lake linatuluka mu 2011. Anapeza kuti ana ena amaphunzitsidwa braille chifukwa cha chikhulupiriro choti adzasiya kuona akamakula, pomwe chialubino sichichititsa kusaoneratu, chimene anawa amafuna ndi zilembo zikuluzikulu, kukhala pafupi ndi bolodi, kuloledwa kuyandikitsa buku kumaso, chipewa ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa. A Lynch omwewo anagwiranso ntchito ndi Sightsavers komanso Chancellor College pa Tikule Limodzi ku Thyolo, kuphunzitsa alezi a m'sukulu za mkombaphala mmene angalandirire ana aulumali akadali aang'ono. Mu asayimentimo tengani mfundo ya zotchinga ija muyiike pambali pa zimene a Lynch anapeza, kenako mulembe zotchinga zimene mukuziona mkalasi mwanu, muzisiyanitse zimene mungachotse nokha sabata ino ndi zimene zikufunika a hedi, komiti ya sukulu kapena ofesi ya maphunziro ya boma.