Kodi umbombo ndi dyera n'chimodzi?

Wowerenga wina wandilembera kuti: "Mlaliki wathu anati ndalama ndi muzu wa zoipa zonse, ndipo ankangosinthasintha mawu akuti umbombo ndi dyera. Kodi mawuwa ndi ofanana?"

Mwafunsa bwino, mayi, ndipo ndiyambire pa vesilo chifukwa pamenepo mtima umandiwawa. Pa 1 Timoteo 6:10, Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, likunena za "chikondi cha pa ndalama". Mawu a Chigiriki amene Paulo analemba amatanthauza kukonda siliva. Mlaliki akataya mawu akuti chikondi, tchimo walichotsa mumtima n'kuliika m'thumba, ndiye wosauka amatuluka m'kachisi akudziona wopulumuka, chikhalirecho mtima wake umagona ndi kudzuka ukuwerenga ndalama zimene alibe.

Tsono mawu anu awiriwo si amodzi. Umbombo ndi wa munthu amene ali nazo koma dzanja lake silitambasuka. Agogo anga akaona mwana wafumbata chinthu kumbuyo kuti mng'ono wake asachione, ankati, "Umbombo umenewo usiye." Mwini chuma wa pa Luka 12, amene anaganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, osaganizako za munthu wina aliyense, ndiye waumbombo weniweni.

Dyera ndiye mawu amene ndimawakonda kwambiri. Tamvetserani mmene akumvekera: kudya, kudyera, dyera. Ine sindikayika kuti gwero lake ndi lomwelo. Wadyera amayang'ana chilichonse n'kudzifunsa kuti, "Ine ndidyapo chiyani?" Amatha kukhala wopatsa, wansangala, woyamba kufika pa ntchito ya mpingo, koma diso lili pa phindu. N'chifukwa chake timati "ubwenzi wadyera", pomwe "ubwenzi waumbombo" sindinaumvepo chibadwire. Taonani Gehazi pa 2 Mafumu 5. Mbuye wake Elisa wakana mphatso za Namani, iye n'kuthamangira galeta, kupeka bodza, kupempha talente ya siliva ndi zovala ziwiri, kukabisa m'nyumba, kenaka n'kudzaima pamaso pa mneneri ngati sanapite kulikonse. Anachoka pamenepo ali ndi khate. Limeneli ndi dyera, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti limakhala bwinobwino pafupi ndi zinthu zopatulika.

Palinso kusirira, monga Ahabu ndi munda wamphesa wa Naboti. Pa Akolose 3:5 chisiriro chikutchedwa kupembedza mafano.

Mawu akuti ndalama nawonso ali ndi mbiri yokoma. Akatswiri a ziyankhulo amawalumikiza ku dirham, ndalama ya Aluya, imene dzina lake linachokera ku drakima ya Agiriki, ndipo ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Ngati zili choncho, ndalama imene mayi uja wa pa Luka 15 anasesa nyumba poifunafuna ndi gogo wake wa liwu lathuli, pakuti pa Chigiriki imeneyo ndi drakima.

Chondidandaulitsa masiku ano n'chakuti pa guwa pakumveka "kubulesedwa" ndi "mabulesing'i", ngati kuti madalitso atha. Kubwereka mawu sindikukana, liwu lakuti ndalama lomwelo tinachita kubwereka. Koma ndaona kuti akati madalitso, anthu amaganizako za ana, moyo wabwino ndi mtendere, pomwe akati mabulesing'i maganizo amathamangira ku galimoto. Liwu lachilendolo likuphimba dyera lomwe mawu athu akanaliulula msanga.

Kwa mlaliki wanuyo, mukamuuze mwaulemu kuti akamadzudzula womana azinena umbombo, akamadzudzula wotumikira pofuna kupezapo kanthu azinena dyera, ndipo mawu akuti chikondi awabwezere pa vesi paja.